Njira Zisanu Zokonzeratu Chakudya cha Mlungu: Ndi Iti Ingasungedi Ndalama Pakhomo Panu?

Aliyense amene amagwira chikwama cha pakhomo amaidziwa nthawi ija dzuwa likapendeka, ana ayamba kufunsa kuti lero tidya chiyani, iwe uli chiimire kukhitchini osadziwa poyambira. Nthawi imeneyo ndi yodula kuposa ina iliyonse pa mlungu. Munthu amangotuluka n'kukagula chomwe chili pafupi, pamtengo uliwonse, pamene masamba amene anagula masiku atatu apitawo akufota pakona. Kukonzeratu chakudya cha mlungu wonse ndi mankhwala a nthawi imeneyi. Koma njira zake ndi zingapo, ndipo yomwe yasunga ndalama khomo ili ikhoza kuzimwaza khomo linalo.

Nkhaniyi si yaing'ono. Mu 2024, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, UNEP, inatulutsa lipoti losonyeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani oposa biliyoni imodzi a chakudya m'masitolo, m'malo odyera ndi m'makomo. Magawo 60 pa 100 aliwonse anatayidwa m'makomo, pafupifupi makilogalamu 79 pa munthu mmodzi pa chaka, kuphatikizapo makoko ndi mafupa. Chimene chinandikhudza n'chakuti kutayaku si kwa mayiko olemera okha. Ndipo kalekale mu 1857, katswiri wa ziwerengero wa ku Germany, Ernst Engel, anaona kuti banja likamapeza zochepa, gawo la ndalama zake lopita ku chakudya limakhala lalikulu. Ndiye mbale imodzi yotayidwa imapweteka kwambiri banja lomwelo limene silingathe kuibweza.

Poyezera pake

Ndalama za chakudya zimadontha pa mabowo atatu. Loyamba ndi kugula zomwe simunaganize kugula, chifukwa maso aona. Lachiwiri ndi kugula mwadzidzidzi, pang'onopang'ono, pamtengo wokwera. Lachitatu ndi chakudya chomwe mwalipira koma sichinalowe m'mimba mwa munthu aliyense. Njira iliyonse pansipa imatseka bowo limodzi kapena awiri, ndipo ina imatseka ili n'kukulitsa linalo. Ndaziyeza zonse pa zinthu zinayi.

Mtengo: ndalama zomwe njirayo imafuna poyamba, ndi zomwe imabweza pakapita nthawi. Apa ndikuwerengera nkhuni, makala, gasi kapena magetsi ophikira, komanso ulendo wopita kogula, chifukwa zonsezi zimachokera m'chikwama chomwecho.

Kupezeka: kodi banja lililonse lingaiyambe, kapena imafuna firiji, malo osungira, galimoto, intaneti, kapenanso ndalama zambiri pa nthawi imodzi?

Ntchito yake: maola ndi maganizo omwe imadya mlungu ndi mlungu. Pano ndi pamene njira zambiri zimafera. Ndondomeko yomwe imayenda pokhapokha wophikayo ali bwino, sanatope ndipo mwana sakudwala, imeneyo sikhalitsa.

Zoopsa: ikalakwika mumataya chiyani, ndalama zokha kapena ndi thanzi lomwe?

Musanasankhe, ndikupempheni chinthu chimodzi. Kwa milungu iwiri musasinthe kalikonse, ingosungani malisiti kapena lembani chilichonse chomwe mwagula, ndipo pa pepala lina lembani chilichonse chomwe mwataya. Ambiri timaganiza kuti vuto lathu ndi kukwera mitengo kokha, koma pepala lachiwirilo limaulula zina. Amene pepala lake la zotayidwa ndi lalitali akufunika njira yosiyana ndi amene sataya kanthu koma amapita kogula kasanu pa mlungu.

Njira yoyamba: ndandanda yokhazikika ya masiku 7

Iyi ndi yomwe anthu ambiri amaiganizira. Mumakhala pansi tsiku limodzi, mulemba chakudya cha Lolemba mpaka Lamlungu, mutulutsamo mndandanda wa zogula, mupita kogula kamodzi, basi.

Mtengo. Kuiyamba kumafuna pepala ndi cholembera. Phindu lake lalikulu lili pa kuchepetsa maulendo, chifukwa ulendo uliwonse wa kusitolo kapena kumsika umabwera ndi kanthu kena kamene sikanali m'maganizo. Imathandizanso kuti chinthu chimodzi chilowe m'mapoto awiri: theka la kabichi Lachiwiri, theka linalo Lachisanu. Kuipa kwake n'kwakuti pepala limakumangani. Ngati munalemba nsomba ndiye mwapeza kuti mlungu uno yakwera pamene mazira atsika, mndandanda umakukankhirani kogula chodulacho.

Kupezeka. Aliyense angaiyambe lero, bola akhale ndi ndalama za mlungu wonse m'manja pa tsiku logulalo. Kwa amene amalandira tsiku ndi tsiku, ichi ndi chipupa.

Ntchito yake. Poyamba imatenga ola lathunthu, kenako theka la ola likwana. Chomwe chimapeputsa kwambiri ndi kusunga mapepala akale. Mukakhala ndi ndandanda zitatu kapena zinayi zomwe banja linazikonda, muzingozisinthanitsa, ndipo mindandanda ya zogula imakhala ilipo kale. Chinsinsi china chili pa kasanjidwe ka masiku. Zosachedwa kuwonongeka monga nsomba yaiwisi, nyama yogayidwa, masamba ofewa ndi zipatso zakupsa zikhale za masiku awiri oyambirira. Kabichi, kaloti, anyezi, mbatata, mazira ndi nyemba zouma zidikire kumapeto kwa mlungu. Ndandanda yolembedwa motsatira zofuna za pakamwa zokha, osaganizira chomwe chiyambe kuola, imataya chakudya ngakhale ikuoneka yadongosolo.

Zoopsa. Mlungu sumvera pepala. Kubwera alendo, wina wachedwa kuntchito, mwaitanidwa kukadya kwina, ndiye chakudya cha Lachitatu chasunthira Lachinayi, cha Lachinayi chasunthira Lachisanu, mpaka chomaliza chikathera kudzala. M'nyumba mwathu tinavutika nazo izi mpaka tinasiya kudzaza masiku onse. Tsopano timalemba chakudya chamadzulo cha masiku asanu okha, awiri enawo ndi a zotsala ndi zilizonse zomwe zasunthidwa. Kusintha kakang'ono kameneka kanatithandiza kuposa china chilichonse. Choopsa chachiwiri ndi changu cha mlungu woyamba, kulemba zophika zachilendo zisanu zomwe chilichonse chikufuna zokometsera zakezake, zimene mudzagwiritsa ntchito kamodzi n'kuziiwala pashelefu.

Njira yachiwiri: kuyambira pa zomwe zilipo kale ndi zomwe zatsika mtengo

Apa zinthu zimatembenuzika. Musanalembe chakudya chilichonse, mumayamba mwatsegula kabati, firiji ndi madengu, kuona zomwe zatsala ndi zomwe zatsala pang'ono kuwonongeka. Zimenezo ndiye maziko a mlungu. Kenako mumapita kogula muli ndi mafupa okha a ndondomeko: chokhutitsa, chomanga thupi ndi masamba pa chakudya chilichonse, osatchula mayina. Mayinawo amadzazidwa ndi mitengo yomwe mwaipeza. Ndandanda yeniyeni imalembedwa mutabwerera kunyumba.

Mtengo. Mwa njira zonse zisanu, iyi ndi imene ndimaiona kuti imasunga ndalama zambiri pa chinthu chilichonse chogulidwa, chifukwa imatseka mabowo awiri nthawi imodzi. Chakale chimadyedwa chisanaole, ndipo chatsopano chimagulidwa pa nyengo yake. Masamba ndi zipatso zikakhala pa nyengo yokolola zimachuluka, mtengo umagwa, ndipo nthawi zambiri ndi pamene zimakomanso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba pa tsiku. Banja lopeza zochepa lingayandikire muyeso umenewo pokhapokha likutsatira nyengo.

Kupezeka. Imayenda paliponse pomwe mitengo imasinthasintha, kumsika kapena m'sitolo yaikulu yomwe imatsitsa mtengo wa zinthu zoyandikira tsiku lake. Siifuna firiji, ndipo ingathe kugawidwa: zouma kamodzi pa mlungu, zaziwisi kawiri kapena katatu.

Ntchito yake. Apa ndiye pali mtengo wake weniweni. Imafuna wophika amene angayang'ane mabiringanya, nyemba ndi mpunga n'kuona chakudya, popanda buku. Luso limeneli si lachibadwa, limaphunziridwa, koma amene akungoyamba kumene kuphika adzaiona yolemetsa. Imafunanso chizolowezi chimodzi chomwe amalonda a zakudya amachitsatira tsiku lililonse: chatsopano kumbuyo, chakale kutsogolo. Ndi bwinonso kudziwa kuwerenga masiku olembedwa pamapaketi. Mawu akuti "use by" amanena za chitetezo, tsikulo likadutsa musadye. Mawu akuti "best before" amanena za kukoma, ndipo mpunga, pasta kapena zam'chitini zomwe zasungidwa bwino zimadyeka ndithu tsikulo litapita. Chakudya chambiri chabwinobwino chimatayidwa chifukwa chosokoneza mawu awiriwa. Chitini chofufuma kapena chodontha chokha ndiye musachiyese n'komwe.

Zoopsa. Kutchipa kumanyenga. Munthu wopita kogula popanda mayina pa pepala akhoza kubwerako ndi dengu lodzaza zotsika mtengo zomwe sizigwirizana mumphika umodzi. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chotetezera ndi kudziikira malire awiri musanatuluke: ndalama zomwe mwatenga, ndi chiwerengero cha zakudya zomwe mukudzaza. Chinthu chikatsika mtengo koma simukutha kutchula tsiku lomwe chidzaphikidwe, chisiyeni. Choopsa china ndi kubwerezabwereza. Chinthu chimodzi chikachuluka pamsika chimalowa m'mbale masiku anayi otsatizana, ana n'kuyamba kusiya, ndipo chosiyidwa m'mbale ndi ndalama yotayika ngati china chilichonse.

Njira yachitatu: kuphika zambiri tsiku limodzi

Mumapatula tsiku limodzi, kapena theka lake, n'kuphika chakudya cha masiku angapo, kugawa m'makontena n'kusunga mufiriji.

Mtengo. Imafuna ndalama poyamba: makontena otseka bwino, poto wamkulu, ndi firiji ngati mulibe. Imabweza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi moto. Nyemba zouma zimatenga nthawi yaitali kuti zipse, ndipo kuphika mphika umodzi waukulu kumadya moto wochepa poyerekeza ndi kuphika timiphika titatu masiku atatu. Kuziviika usiku wonse kumachepetsanso nthawiyo. Yachiwiri, yomwe ndi yaikulu, ndi yakuti tsiku lotopa lija chakudya chimakhala chilipo kale, choncho chiyeso chogula zophikaphika chimatha mphamvu. Kwa banja lomwe ndalama zake zimathera ku chakudya chogula chophikidwa kale, palibe njira ina yoposa iyi. Komabe kumbukirani kuti firiji imadya magetsi usana ndi usiku, ndipo kugula firiji yachiwiri kuti musunge chakudya chotchipa kungatenge zaka kuti kubweze ndalama zake.

Kupezeka. Iyi ndi njira ya okhala ndi firiji komanso magetsi odalirika. Popanda zimenezi, musaiyese m'maonekedwe ake athunthu.

Ntchito yake. Maola atatu kapena anayi otsatizana kukhitchini, ndi mulu wa ziwiya pambuyo pake. Ntchitoyi ikagwera munthu mmodzi pa tsiku lake lokhalo lopuma, imatha milungu itatu n'kuzilala. Ndikunena izi motsindika chifukwa ndaona amayi ambiri akudziimba mlandu kuti ndi aulesi, pamene vuto linali lakuti ena onse m'nyumbamo anali kupuma. Gawanani: wina aduladule, wina atsuke, wina alembe tsiku pa kontena iliyonse. Pali mtundu wina wopepukirapo womwe ndimaukonda. M'malo mophika chakudya chathunthu, mumaphika maziko okha, monga nyemba zopanda zokometsera, msuzi wa tomato ndi anyezi, ndi nyama yowiritsa. Tsiku lililonse mumangophatikiza mosiyana n'kuwonjezera masamba aawisi, ndipo banja silimva ngati likudya chinthu chomwecho mlungu wonse.

Zoopsa. Njira iyi ingagoneke banja lonse m'chipatala, choncho manambala ake ndi oyenera kuwadziwa pamtima. Malangizo a WHO amati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, firiji izizizira pansi pa madigiri 5, ndipo chakudya chodikira kudyedwa chikhale chotentha kupitirira madigiri 60. Pakati pa 5 ndi 60 ndi pamene tizilombo timaswana msanga. Mphika waukulu umachedwa kuzizira pakati pake, ndiye ugaweni m'makontena osaya musanaike mufiriji. Zophika zimakhala bwino mufiriji masiku atatu kapena anayi, osati mlungu wonse. Cha Lachisanu chomwe chaphikidwa Lamlungu chiyenera kulowa m'chigawo choumitsa, chija chimazizira mpaka madigiri 18 pansi pa ziro. Potenthetsa, chifike pobwata paliponse, ndipo mutenthetse chokhacho chomwe mudye.

Mpunga umafuna chisamaliro chapadera. Muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus komwe njere zake sizifa pophika, ndipo mpunga ukakhala pamtunda nthawi yaitali kamatulutsa poizoni amene satha ngakhale mutenthetsenso. Uziziritseni msanga, ndipo musausunge nthawi yaitali ngati zophika zina. Nyemba zofiira nazo ziyenera kubwata mwamphamvu mphindi zosachepera 10, chifukwa zosapsa bwino zili ndi poizoni wachilengedwe woyambitsa kusanza. Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Firiji youmitsa yodzaza imatha kufika maola 48, ndipo ikakhala theka ndi maola 24. Kupitirira pamenepo, chakudya cha mlungu wonse chimatayika tsiku limodzi. Walira mvula walira matope.

Njira yachinayi: kugula zambiri nthawi imodzi

Kunena zoona iyi ndi njira yogulira osati yokonzera chakudya, koma imasintha ndondomeko ya mlungu kwambiri moti siingasiyidwe. Zouma ndi zokhalitsa zimagulidwa za mwezi kapena kupitirira, ndipo mlungu ndi mlungu mumangogula zaziwisi.

Mtengo. Kawirikawiri kilogalamu ya m'thumba lalikulu imatchipa poyerekeza ndi ya m'kapaketi, koma si nthawi zonse. Gawani mtengo ndi kulemera kwake musanakhulupirire kukula kwa paketi. Ndipo masamu enieni amachitika chakudyacho chitatha. Tiyerekeze kuti mwagula makilogalamu 10 pamtengo wotsika ndi magawo 10 pa 100, kenako makilogalamu awiri awonongeka. Mwalipira mtengo wa makilogalamu 9 koma mwadya 8, kutanthauza kuti kilogalamu iliyonse yomwe mwadya yakudulirani kuposa mukanagula pang'onopang'ono. Pali chinanso chomwe sichilembedwa pamalisiti. Botolo la mafuta likakhala lalikulu dzanja limathira mowolowa, ndipo shuga wa m'thumba amatha msanga kuposa wa m'kabotolo. Tsanulirani za mlungu umodzi m'chotengera chaching'ono, chachikulucho chikhale kutali ndi pophikira.

Kupezeka. Imafuna ndalama zambiri tsiku limodzi, njira yonyamulira katundu, ndi malo ouma osungira. Chowawa chake n'chakuti amene akufunikira kwambiri mtengo wotsikawu ndi amene sangathe kusonkhanitsa ndalamazo. Njira yozungulira vutoli ndi kuphatikizana mabanja awiri kapena atatu, kugula thumba limodzi n'kugawana pa sikelo. Zimayenda bwino ndalama zikaperekedwa katundu asanagulidwe, ndipo kugawana kukachitika onse alipo.

Ntchito yake. Ndi yochepa mlungu ndi mlungu, koma siyenera kudumphidwa. Matumba akhale pa thabwa osati pansi, asagunde khoma, ndipo zomwe zingalowe m'ndowa zotseka bwino zilowemo. Muziyang'anamo kawirikawiri.

Zoopsa. Anankafumbwe, makoswe ndi chinyezi. Choopsa kwambiri ndi chuku pa mtedza ndi mbewu zina zosungidwa zisanaume bwino, chifukwa mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha pophika ndipo amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Zoterezi musasankhule n'kudya zotsalazo poganiza kuti mwapulumutsa ndalama. Mafuta ophikira amasasa akakhala nthawi yaitali pamalo otentha kapena owala, ndipo ufa wosapuntha umawonongeka msanga kuposa woyera chifukwa uli ndi mafuta ake. Mpunga woyera, shuga, mchere ndi pasta ndiye zimapirira. Nyemba zouma siziola msanga, koma zikakalamba zimalimba n'kumadya moto wambiri.

Njira yachisanu: mapulogalamu a pafoni ndi mabokosi obweretsedwa pakhomo

Zinthu ziwirizi zimatsatsidwa kwambiri, ndiye ndizitchule mwachidule.

Mtengo. Mapulogalamu okonzera chakudya alipo aulere ndipo alipo olipira mwezi ndi mwezi. Mabokosi ndi aja makampani monga HelloFresh, yomwe inayamba ku Berlin mu 2011, ndi Blue Apron, yomwe inayamba ku New York mu 2012, amatumiza zophikira zoyezedwa kale pamodzi ndi malangizo a kaphikidwe. Amachepetsa zotsala chifukwa chilichonse chimabwera pa muyeso, koma mukulipiranso kuyeza, kulongedza ndi kunyamula. Amatchipa powayerekeza ndi kudya kumalo odyera, osati powayerekeza ndi kudzigulira nokha. Poyeza, onani mtengo wa mwezi wachitatu osati wa bokosi loyamba lomwe limatsitsidwa pokopa makasitomala.

Kupezeka. Mabokosi amapezeka m'mayiko ena okha, makamaka m'mizinda. Mapulogalamu amafuna foni yamakono ndi intaneti, ndipo ambiri amatchula zophikira za dziko lomwe anapangidwira.

Ntchito yake. Mabokosi amachotsa ntchito yoganiza ndi yogula, koma kuphika kumakhalabe kwanu, ndipo chakudya cham'mawa ndi chamasana mudzagulabe padera. Pulogalamu imathandiza pokhapokha wina akuilembera zomwe zatha. Chomwe ndachiona chothandizadi ndi chaulere: mndandanda umodzi wa zogula pafoni womwe akuluakulu onse a m'nyumba akuuona, kuti awiri asabwere ndi chinthu chimodzi tsiku lomwelo.

Zoopsa. Ndalama zodulidwa zokha mlungu kapena mwezi uliwonse mukaiwala kuimitsa, ndi kuphika motsatira zithunzi zokongola m'malo motsatira zomwe zili m'kabati.

Ndiye iti ndi ya ndani?

Ngati ndalama zimalowa tsiku ndi tsiku kapena mosadziwika, tengani njira yachiwiri. Lembani mafupa a mlungu, muzigula zaziwisi pang'onopang'ono, ndipo tsiku lomwe zayenda bwino gulani chouma chimodzi chokhalitsa. Mukapeza banja lina lodalirika, onjezerani njira yachinayi mogawana.

Ngati mumalandira pamwezi ndipo muli ndi malo ouma, phatikizani yachinayi ndi yoyamba: zouma tsiku la malipiro, ndipo ndalama zotsalazo zigaweni m'magawo ofanana a mlungu uliwonse musanayambe kugula, kuti mlungu womaliza usakhale wa njala.

Banja lomwe akuluakulu onse amagwira ntchito mpaka madzulo, ndipo pepala lawo lasonyeza kuti ndalama zikuthera ku zophikaphika, lipindula ndi njira yachitatu, makamaka ija yophika maziko okha, bola firiji ikhale yodalirika ndipo ntchito igawidwe. Kumene magetsi amazimazima, phikani za masiku awiri okha, ndipo ndalama zanu zikhale mu zouma osati mu nyama yodzaza mufiriji.

Amene akungoyamba kumene kuyendetsa khomo, kapena amene ali ndi munthu wofunika chakudya chapadera monga wodwala shuga kapena wosagwirizana ndi zakudya zina, ayambe ndi ndandanda yokhazikika. Imaphunzitsa miyeso ya banja, ndipo siisiya mpata woti tsiku lina wodwalayo asowe choyenera kudya. Pakapita miyezi ingapo, dzanja likazolowera, akhoza kuimasula pang'onopang'ono kuti iyandikire njira yachiwiri.

Banja lalikulu lomwe limamaliza thumba lisanagwidwe ndi anankafumbwe ndi lomwe kugula zambiri kumalikomera kwenikweni. Banja la anthu awiri, kapena munthu wokhala yekha, achite mosiyana: agule zochepa, alembe masiku anayi okha, ndipo poto aliyense amene waphika akhale wa chakudya chamadzulo ndi chamasana cha mawa lake. Mabokosi obweretsedwa pakhomo ndingawavomereze kwa munthu wotere yekha, ngati ali komwe amapezeka, ngati pakali pano amadya kumalo odyera masiku ambiri pa mlungu, ndipo ngati akuwatenga kwa miyezi yochepa yophunzirira kuphika asanayambe kudzilembera yekha mndandanda.